Mwera wa pa Laputopu Unandichedwetsera Ukwati

Inu owerenga, ngati munamvapo za mnyamata wa ku Mangochi amene anaimitsa mabwato a doko lonse ndi chala chimodzi, musafunsenso kwina, ndine ndemwe. Ndikulemba izi ndisanakwatirebe, ndipo wondilodza palibe, ndinadzilodza ndekha.

Tilipo achinyamata angapo amene timayendetsa tsamba la pa intaneti lochenjeza asodzi za mphepo ya panyanja. Ndi ntchito yongodzipereka, ndipo aliyense wodziwa za kompyuta ali ndi ufulu woona mmene tinalipangira n'kuthandiza kulikonza. Mnzathu wina, Esinati, wogwira ntchito pa loji ina ku Nkopola, ankalimbikira kuti tikhale ndi tsamba lachiwiri lobisika, loti tiziyeserapo kaye chilichonse tisanachitulutse kwa anthu. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati katsamba kathu n'kakang'ono, zoyeserera n'za makampani a ku Lilongwe, komanso bandulo ya intaneti sathyola mumtengo. Ndinamaliza ndi mawu amene amandiwotcha mpaka lero, oti ine sindilakwitsa. Esinati anangoti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikufuna kukwatira Patuma, mtsikana wa ku Malindi. Mwini mawu pa ukwati wake anali amalume ake, Che Jafali, mkulu wa mabwato atatu amene saseka wamba. Pofuna kudzigulira malo, ndinawaikira tsamba lathu m'foni mwawo, n'kuwauza kuti makinawa amaona mphepo isananyamuke ku Mozambiki. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa mpando. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndakwatira kale.

Tsiku lina masana ndinafuna kuona ngati chenjezo lofiira limene ndinali nditangopanga likuoneka bwino. Popeza poyesera panalibe, ndinayesera pa tsamba lenilenilo. Ndinalemba kuti mwera woopsa ukubwera, aliyense asalowe m'madzi. Mwa chibwana changa ndinaonjezeranso kuti ngakhale ng'ona zalongedza katundu, zikusamukira kumapiri a ku Chowe. Ndinadina batani, kufiirako kunandikongolera, ndipo ndikuti ndifufute, magetsi anathima. Batire la laputopu yanga linafa kalekale, ndipo bandulo ya m'foni ija ndinkaiumira inali itatha. Ndinadzitonthoza kuti masana palibe amene amatsegula tsambalo.

Abale anga, analitsegula ndi Che Jafali. Anatumiza uthengawo pa gulu la asodzi, kenako anayenda doko lonse ndi ndodo yawo akulamula kuti mabwato akokeredwe kumtunda. Ndinamva kuti msodzi wina anafunsa za ng'onazo, iwo anamukalipira kuti makina a mkamwini wawo amaona zimene maso ake a tulo sangaone. Mwamva? Anali atanditchula kale mkamwini.

Nyanja inagona phee, osagwedezeka ngakhale tsamba la bango. Kutacha, asodzi a doko loyandikana, amene foni zawo sizidziwa intaneti, anabwera mabwato atadzaza usipa. Mbiri yathu inali itawafika, ndipo podutsa ankakuwa kufunsa ngati ng'ona zafika bwino ku Chowe. Mathandala oyanikapo usipa a Che Jafali anali mbee, anyamata awo okoka makoka atakhala pamchenga manja ali m'masaya. Kunena zoona, apa mpamene kuseka kunandithera, chifukwa mabanja awo anadya ndiwo zamasamba tsiku limenelo kaamba ka nthabwala yanga. Ndinapita kukapepesa, n'kufotokoza kuti ndinkangoyeserera. Mpando uja sunabwerenso.

Patapita nthawi, amalume anga anapita kukafunsira mbeta. Che Jafali anawalandira bwino, tiyi anatuluka, ndipo atamvetsera zonse anafunsa mofatsa: "Pepani achimwene, kodi ukwatiwu ndi weniweni, kapena mnyamatayu akuyeserera?"

Amalume anga akuti analumbira mpaka thukuta. Koma mkuluyo anati bwato latsopano saliyesera pakati pa nyanja, amayamba kuliika pamadzi osaya aone ngati likuchucha. Choncho anati ndizibwera kudoko nyengo yonse ya mwera, ndiziyanika usipa pamathandala awo, anthu andione. Ndikapanda kuchucha, adzakambirana za ukwati. Ndinathamangira kwa Patuma kuti andilankhulire, koma iye anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kunena kuti amalume akewo sananamepo.

Lero tsamba loyeserera tili nalo, ndipo ndinalimanga ndine ndi manja angawa, Esinati akundiyang'ana. Chilichonse chimagona kumeneko kaye mpaka munthu wachiwiri achione.

Tsono inu owerenga, makamaka anzanga a makompyuta, musamati katsamba n'kakang'ono. Kuseri kwa foni iliyonse kuli munthu amene akukhulupirirani, ndipo mwina ndi amalume a chibwenzi chanu. Yeserani pobisika musanatulutse, apo ayi adzakuyesani ndi anthu poyera. Ine pano ndikununkha usipa, msana ukupweteka, ndili pa tsamba loyeserera, ndipo batani londitulutsira lili m'thumba la Che Jafali.