Maondo a Tirtza

Ine ndi Tirtza Almoznino takhala ofesi imodzi zaka zambiri, pakampani ina yogulitsa makina akale kudoko la Haifa. Ine ndimayankha mafoni. Iye, mayi wamasiye wobwera pabasi kuchokera ku Kiryat Yam, amamasulira m'Chingerezi zimene mainjiniya alemba m'Chihebri zokhudza makinawo: awa ndi abwino, awa ndi otha, awa akufunika kukonza.

Vuto lake, mainjiniya athu saona makina akufa. Pampu ikangolira iwo ali pomwepo, basi, alemba kuti ili bwino. Ndiye Tirtza sankalemba kanthu asanatsikire kosungira katundu kukadzionera yekha. Masitepe ake ndi achitsulo, aatali, ndipo maondo anali atayamba kale kudandaula.

"Iwe Tirtza, ntchito yako ndi mawu, masipanala utisiyire ife," ankatero Gadi, mkulu wa mainjiniya, akulavula makoko a mpendadzuwa.

"Nanga jenereta yomanga ndi waya ija ndilembe kuti chiyani?"

"Ikulira kapena sikulira?"

"Imalira ukaimenya chibakera."

"Ndiye ikuliratu! Zikhala bwino, usadzipweteke mutu."

Tirtza ankakwera ali wefuwefu, n'kulemba kuti jeneretayo imalira mwa apo ndi apo. Abwana ankakalipa kuti akuchedwetsa katundu. Iye ankangoti kutsidya kwa nyanja kuli munthu amene adzakhulupirire mawu akewo n'kupisa dzanja m'makinamo. Zinkanditopetsa kumva, koma ndinkamupatsa ulemu.

Chaka chatha bondo lina linatupa ngati dzungu. Lachisanu lina, aliyense akuthamangira kukagula za tsiku lopuma la Sabata, Gadi anabweretsa mapepala a mapampu opita ku Cyprus. Tirtza anayang'ana masitepe aja kwa nthawi, n'kukhala pansi. Analemba monga mmene Gadi analembera, kuti onse ali bwino.

Kuyambira tsikulo mtima wake sunakhalenso m'malo. Foni ikalira ankasiya kulemba. "Ndi a ku Cyprus? Wina wavulala?" Munthu anaonda ndikuona.

Kenaka wogula mapampu aja, bambo Stavros, anabwera kudzaona makina ena. Tirtza anawapangira khofi, n'kufunsa za mapampuwo.

"Awiri anali akufa, monga mwa masiku onse," anatero bambowo akuseka. "Mayi, anthu a kuno timakudziwani. Chochokera kwa Gadi timayamba tachiphwasula chonse tisanachiyatse. Mapepala anu aja timangopatsa a msonkho padoko, ife sitiwerenga."

"Chiyambire?"

"Chiyambire, mayi."

Tirtza anawathirira khofi wina.

Masiku ano Tirtza satsikanso masitepe aja. Amamaliza ntchito nthawi ya nkhomaliro isanakwane, n'kumangoyang'ana zombo pawindo. Mlungu watha abwana anamuyamikira pamaso pa tonsefe, ati sanamuonepo akugwira ntchito bwino chonchi. Ine zinandiwawa. Tirtza anangoti zikomo.