Nsalu Yotafunidwa Ngodya

Nsalu ija ndikadali nayo, ili pansi penipeni pa sutikesi. Ndi ya chipani, yokhala ndi nkhope ya Mtsogoleri pakati, koma ngodya imodzi ndi yonyeketa ngati anadya makoswe. Si makoswe ayi. Ndi mano a mayi anga.

Tinkakhala kwa Tengani, ine ndili Sitandade 3. Bambo anali atamwalira, ndiye pakhomo tinalipo atatu: mayi, ine ndi amalume, amene ankayendetsa ngolo. Makolo athu anachokera kutsidya kwa Shire, ku Mozambiki, ndipo zimenezi anthu a pamudzi sankaziiwala.

Mayi sanali aulesi, wina asakunamizeni. Thonje ankatola kuposa amuna. Koma kumjigo ankapita dzuwa lili paliwombo, mchenga ukuwotcha mapazi, kuti asakumane ndi munthu. Mlendo akangoti odi, manja ankayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, mawu n'kutsekeka pakhosi. Anthu ankati ndi odzimva. Ena ankati anawalodza kwawoko. Nanenso, ndisabise, ndinkachita nawo manyazi.

Chaka chimenecho, thonje litatha m'minda, kunabwera uthenga woti amayi akonzekere kukavinira Mtsogoleri ku Blantyre. Madzulo alionse ng'oma zinkalira pabwalo la sukulu, achinyamata a malaya ofiira akuyenda khomo ndi khomo kutulutsa anthu. Mayi analandira nsalu yawo, koma ng'oma ikangogunda ankakabisala kuseri kwa khola la mbuzi, akutafuna ngodya ija.

Tsiku lina aphunzitsi anandifunsa m'kalasi chifukwa chimene mayi sankaonekera kubwalo. Ine, pakamwa panga pano, ndinayankha mokweza kuti, “Akangoitenga nsalu ija amasanza.”

Aphunzitsi anaika choko pansi. M'kalasi munangoti zii, moti ndinamva njiwa ikulira mumtengo wa masawu. “Khala pansi, ndipo usadzabwerezenso,” anatero motsitsa mawu. Koma kumbuyo kwanga kunali mwana wa atcheya a amayi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndinanena zoona. Mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kudzimenya pakamwa.

Masiku amenewo, kunena kuti munthu amasanza akaona nkhope imeneyo sikunali kucheza. Tinali titaona nyumba za anthu a mpingo woletsedwa zikuyaka. Tinkadziwanso bambo wina amene anakwezedwa galimoto la apolisi, njinga yake n'kutsala itatsamira pamtengo mpaka kuchita dzimbiri.

Patapita masiku awiri atcheya anafika ndi achinyamata awiri. Anakana mkeka. Anati Loweruka la sabata yotsatira mayi akatsogolere nyimbo okha pabwalo, anthu onse akuona. “Tikaone ngati muli athu kapena ndinu akutsidya.” Mayi anangoweramitsa mutu.

Amalume sanakalipe. Anati ng'ombe yawo ina inkaopa goli, ndipo sanaimenye, ankangoiyandikizira goliro pang'onopang'ono mpaka inazolowera. Tsiku loyamba anawaimbitsa mayi pamaso pa mbuzi. Ee, mbuzi zenizeni, zikungobzikula. Tsiku lachiwiri anandikhazika ine pamtondo kuti ndikhale gulu. Kenako anaitana mayi wina woyandikana nafe, kenako atatu a kutchalitchi. Mayi akafuna kuthawa, amalume ankaima pakhomo la mpanda. “Pumani kaye, mlongo. Yang'anani nsonga ya mtengo uwo, osati maso awo. Kunjenjemerako kutha kokha.” Ndipo kunkachepadi. Apo ndi pamene ndinamva koyamba mawu a mayi anga akuimba. Amayo ine, anali mawu okoma zedi, ndipo ndinali ndisakudziwa.

Loweruka lija kunatentha kuyambira m'mawa. Fumbi linkalowa m'mano. Mayi anaima pakati pa bwalo atavala nsalu ija, ngodya yotafunidwayo ataipisira m'chiuno. Ng'oma inayamba, iwo osatulutsa mawu. Inayambanso kachiwiri. Wachinyamata mmodzi anasuntha phazi. Kenako nyimbo inatuluka, yonjenjemera poyamba, n'kukwera, n'kukwera, maso ali kunsonga ya mlongoti wa mbendera. Amayi onse anavomereza, nthungululu zili kwakwakwa.

Atcheya anawagwira dzanja akuseka. “Mawu otere mumabisiranji, mayi? Lachitatu mukwera lole. Ku sitediyamu mukatsogolera nyimbo ndinu, pamaso pa eni ake.”

“Takhuta,” anayankha mayi m'Chisena chawo, kuthokoza ndi mawu omveka patali ngati ochokera m'dzenje. Ine ndinkadumphadumpha. Amalume okha sanaseke.

Zimene mayi anali nazo ndinadzazidziwa ndili wamkulu kale, zitandigwira ineyo. Anandisankha kuwerenga mawu kutchalitchi, manja n'kuyamba zomwe zija, ndipo ndinasiya kupitako chaka chathunthu. Kuchipatala anandiuza kuti ndi matenda, mantha opitirira muyeso oopa kuonedwa ndi kuweruzidwa ndi anthu. Si kudzimva, si ufiti, si kuukira boma. Anati amachizika pokambirana ndi wodziwa za maganizo, poyandikira pang'onopang'ono chimene ukuchiopacho, ndipo ena amapatsidwanso mankhwala. Ndinalira pamaso pa dokotalayo. Njira ya amalume inali yomweyo, koma imafuna miyezi, ndiponso kuti mwini wake avomere yekha. Kuchoka pa mbuzi kukafika ku sitediyamu m'masabata awiri, mfuti ili kumbuyo, ndani angathe?

Lachitatu m'mawa lole inaliza hutala kusukulu. Ndinadzuka n'kupeza pamphasa pa mayi palibe munthu. Msodzi wina anali atawaolotsa Shire pa mwadiya, bwato lake la mtengo, kukungocha. Kutsidyako kunali nkhondo. Tsiku lililonse anthu ankaoloka kubwera kuno, atasenza timitolo, mapazi atatupa, ndipo mayi anga okha ndi amene analowera kumeneko. Apolisi anawatenga amalume kukawafunsa, n'kubwerako patapita sabata khutu limodzi lisakumva. Mayi sanabwerenso. Manda awo sitiwadziwa.

Koma m'mawa umenewo ine ndinangoona nsalu itapindidwa bwinobwino kumutu kwanga. Ndinaimanga m'chiuno, ikukwekwereka pansi, n'kuthamangira kumsewu kukaona lole ikunyamuka, amayi akuimba nyimbo ya mayi anga. Ndinakwiya kwambiri. Ndinkati mayi ndi opusa, ataya mwayi wokwera galimoto n'kukaona Blantyre. Sindinkadziwa kuti munthu angaope maso a anzake kuposa mfuti.