Giza Imene Inkadikira Madzi

Bambo anga atadwala sitiroko, mwendo ndi dzanja lakumanzere zinafooka, koma pakamwa panatsala bwinobwino. Tsiku limene tinawatulutsa m'chipatala, asanakhale n'komwe pampando, anandipatsa lamulo.

"Kuphika uziphika, kuchapa uzichapa. Koma kundisambitsa ayi. Mwana wamkazi saona thupi la bambo ake. Bola ndinunkhe."

Pakhomo pathu ku Unit G, ku Chitungwiza, tinalipo awiri basi. Amayi anatisiya kalekale, achimwene anga ali ku Joni. Bambo anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali kamnyamata, n'kukalambira m'mafakitale a ku Harare, koma Chichewa sanachisiye pakhomo la munthu. Ukawayankha m'Chishona ankakuyang'ana ngati wawaponda chala. Chishona chawo ankasungira makondakitala a kombi ndi anamwino a kuchipatala, anthu oti si akuba, koma si abalenso.

Vuto linali ndowa. Kusamba m'ndowa kumafuna kuwerama ndi kutunga, pamene dzanja lamoyo linali limodzi, ndipo lomwelo ndi limene linkagwira khoma. Mnzawo wina wa kutchalitchi, mkulu wa ku Zengeza 4, ankabwera Loweruka kudzawasambitsa. Nayenso anali wa maondo ovuta, moti ukamva kubuula m'bafamo sunkadziwa kuti wodwala ndi uti.

Nzeru inachokera kwa bambo eniake. "Nditangopeza madzi ofunda ogwa okha kuchokera kumwamba," anatero, "ndingasambe ndekha, osavutitsa munthu."

Ndinaimbira achimwene. Giza ya magetsi, yotenthetsa madzi osamba ija, tinaikana tonse nthawi yomweyo, chifukwa magetsi a kwathu amabwera ngati mlendo wodutsa. Tinagwirizana za giza ya gasi, n'kudziona ochenjera kwabasi. Inafika pabasi, yokulungidwa m'bulangete, yoyera mbee, kabokosi koti munthu angakanyamule m'khwapa.

Wodzaiika anali bambo wina wachete, wodziwa ntchito yake, ndipo sindimuimba mlandu. Anaikhoma kunja kwa khoma la bafa kuti utsi usapweteke munthu. Anaboola khoma, analumikiza mapayipi, anamangira silinda m'kakhola kachitsulo, n'kupaka thovu la sopo m'malumikiziro onse kuti aone ngati gasi akutuluka. M'kati anakhomeramo chitsulo chogwirira. Bambo anakhala pampando padzuwa tsiku lonselo, n'kumalangiza za chinthu chimene anali asanachionepo chibadwire.

"Machesi timayatsira pati?" anafunsa.

"Hapana machisi, sekuru," woikayo anayankha m'Chishona. "Mvura ikangouya, inobaka yega." Ndiye kuti madzi akangodutsamo, moto umayaka wokha.

Anatsegula mpopi wa shawa kuti tione. Mpopi unatsokomola, n'kupuma mpweya, n'kukhala chete. Tinaseka tonse atatu. Linali tsiku lopanda madzi, monga masiku ambiri.

Mpaka lero ndimadabwa kuti zinatipita bwanji. Sikuti tinaiwala kuti ku Chitungwiza mipopi imauma. Kungoti tinazolowera moti tinasiya kukuwerengera ngati vuto. Magetsi timawatukwana tsiku lililonse chifukwa amabwera n'kupita. Koma madzi, munthu umangodzuka, kutenga zigubu, kukaima pamzere ku chibhorani, kumjigo kuja, ngati mmene umadzukira n'kusesa pabwalo. Shawa ya m'nyumba mwathu inali itakhala zaka ikugwira ntchito yopachikapo thaulo. Tinagula mbereko mwana asanabadwe, banja lonse, wa ku Joni yemwe.

Madzi atabwera sabata yotsatira, anabwera mwa masiku onse, kamkodzo chabe pampopi wapansi wa panja. Kukwera khoma kukafika kugiza kunali kuwapempha zambiri. Ndinaimbira woika uja. Anati presha ndi yochepa, pafunika thanki ndi pampu. Ndinafunsa kuti pampuyo imayendera chiyani. Anati magetsi. Ndinangoti zikomo, n'kukhala pansi pa khonde.

Ine ndine wamakani, ndinatengera bambo omwewo. Ndinabwereka mgolo, ndipo mwamuna wa neba anaukweza padenga n'kuulumikiza ndi payipi. Ndinatunga madzi kumjigo m'mawa wonse, iye n'kumakoka ndowa ndi chingwe. Unali mwezi wa Juni, kuzizira kolowa m'mafupa. Bambo analowa m'bafa okha, anavula okha ndi dzanja limodzi, n'kukhoma chitseko. Ine ndinaima kunja pafupi ndi giza, maso pakabowo koonera moto.

"Tsegulani, Baba!"

Giza inati tse, tse, tse. Kenako zii.

"Yayaka?" anafuula m'katimo.

"Sinayake. Tsekani, mutsegulenso."

Tse, tse, tse. Zii.

"Yayaka, mwanawe?"

Mawu awo anali akunjenjemera, ndipo ndinkamva madzi ozizira akudontha pasimenti, ndikudziwa kuti ena akudonthera pamsana pawo. Pakati pa ine ndi iwo panali khoma la njerwa imodzi. Ndinali ndi manja awiri amphamvu, ndipo sakanandilola kulowa ngakhale kukawafunditsa thaulo. Tinayesa mpaka mgolo unatha. Anatuluka milomo ili yotuwa, malaya atabaya mabatani mosemphanitsa, osandiyang'ana. Ndinalira kuseri kwa nyumba, ndipo kulirako kunali kwa mkwiyo. Denga nalo linatsala ndi mng'alu umene umadontha mpaka pano.

Kenaka mkulu wa ku Zengeza 4 uja anadwala, ana ake n'kumutengera kwawo. Ndinapempha amuna a kutchalitchi. Anabwera ulendo umodzi, ulendo wina, kenako aliyense anali ndi zochita, ndipo sindingawanene, nawonso amathamangira kombi kusanache. Achimwene ankangoti akubwera pa Khirisimasi. Bambo anayamba kudzipukuta ndi kansalu, mbali imene dzanja linkafika. Ndinkawatenthetsera madzi pambaula, kuwasiyira pakhomo la chipinda, n'kuchokapo. Fungo linayamba. Alendo akabwera ndinkatsegula mawindo n'kumanamizira ngalande ya kumsewu.

Tsiku lililonse ankafunsa, "Nanga ija?" Ine n'kumati, "Ikudikira madzi." Ndinkaipukuta fumbi ngati chithunzi chaukwati. Mpopi wa shawa ndinangousiya chotsegula, kuti madzi akadzakumbuka kwathu ndidzamve.

Sitiroko yachiwiri inabwera m'nyengo yotentha. Ulendo uno sanathenso kuima. Mawu anatsala, koma olemera, otuluka limodzilimodzi. Namwino anandionetsa zilonda zimene zinayamba kumsana ndi m'chiuno chifukwa chogona, n'kunena mosabisa kuti zikapanda kutsukidwa tsiku ndi tsiku zidzawapha msanga kuposa sitirokoyo. Ndinamuuza za lamulo la bambo. Anandiyang'ana ndi chisoni, n'kufunsa kuti nanga mwamuna woti azichita zimenezo ali kuti.

Mvula itagwa kwambiri, m'mawa wina ndikusesa ndinamva mapayipi akugunda m'khoma. Kenako tse, tse, tse, fuu! Ndinathamangira kuseri. Pakabowo kaja panali moto wabuluu, mzere wokongola, ukuyaka mwakachetechete ngati palibe chimene chinalakwikapo. M'bafa madzi anali kugwa kuchokera kumwamba, nthunzi tolotolo, chitsulo chogwirira chija chitanyowa popanda dzanja. Kunena zoona ndinafuna kuitema ndi khasu giza imeneyo.

M'malo mwake ndinatchera beseni pansi pa shawa, ndinatenga sopo ndi thaulo, n'kupita kuchipinda kwawo. Anaona nthunzi.

"Yayaka?"

"Yayaka, Baba."

Anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. Kenako anayang'ana beseni, anayang'ana ine, anayang'ana kukhomo ngati kuli wina akubwera m'mbuyo mwanga. Kunalibe munthu.

"Ndilibe wina, Baba," ndinatero. "Ndafufuza. Mundikhululukire."

Anatembenuzira nkhope kukhoma n'kutsinzina. Ndinagwada, ndinawafunditsa chitenje cha malemu amayi, n'kumavundukula pang'onopang'ono pamene ndikutsuka pokha. Thupi limene linkandinyamula pamapewa popita kutchalitchi linali litapepuka ngati mtolo wa zovala. Madzi anali ofunda bwino, ndendende mmene ankawafunira. Misozi yawo inkatsikira m'khutu, ndipo ndinaipukuta ngati ndi madzi a m'beseni.

Nditamaliza ndinawaveka malaya oyera, n'kubaya mabatani molongosoka. Ndinadikira kuti andikalipire, kapena anene kuti mwanawe, chilichonse. Nkhope yawo inali ikadali kukhoma. Kenaka analankhula, mwaulemu wonse, m'Chishona chija ankasungira anamwino.

"Maita basa, sisita." Ndiye kuti zikomo chifukwa cha ntchito, a namwino.

Ndinamvetsa. Kuti apirire, wowasambitsayo anayenera kukhala mlendo. Ndinawayankha m'Chishona momwemo, monga amayankhira anamwino, ndinanyamula beseni langa n'kutseka chitseko. Kuyambira tsiku limenelo madzi otentha sanavute kwenikweni mpaka mvula inatha, ndipo m'mawa uliwonse, ndikalowa ndi beseni, bambo anga ankakhala opanda mwana wamkazi.