Makobiri a Malemu Bambo Anu Ali pa Pinyolo

Ana anga, mwaswera bwanji? Ine ndangofika kumene kuchokera ku msika wa kwa Kamwendo, mtima ukuwawa.

Makobiri oboola pakati aja, amene malemu bambo anu anabwera nawo kuchokera ku Halale, ndapita nawo kwa mkulu wa pinyolo kuseri kwa chigayo. Chimanga chachita chikasu, feteleza ndilibe, ndipo anthu amati ndalama zakale zikugulidwa modula.

Mukundidziwa ine, sindingapite ndi chinthu chakuda pamaso pa anthu. Dzulo ndinawakwecha ndi phulusa ndi mandimu mpaka njovu zili pamenepo zinayamba kunyezimira.

Mkuluyo atawaona wagwira kumutu. Akuti, "Amayi, mwatani? Ogula amafuna kuda komweko. Mwachapa ndalama zanu!"

Ine ndati, "Bambo, litsiro linayamba liti kukhala ndi mtengo?"

Iye kuseka, n'kuwaponya pa sikelo ngati soya. Makobiri onse aja, wandipatsa ndalama yogulira nkhuku imodzi, yowonda.

Koma ndisanatuluke ndamuona akuwakulunga limodzilimodzi m'kansalu koyera, n'kuwakiyira m'kabati. Chinthu chopanda ntchito munthu amachikiyira?

Wati ndikabweza ndalama yake ndi chiwongoladzanja pofika Loweruka ndikawatenga. Apo ayi, awoloka nawo ku Zambia.

Inu ophunzira, tandiuzani: ndalakwa ndine powakwecha, kapena wandibera masana dzuwa likuswa mtengo? Ndikawaombole kapena ndigule kafeteleza? Ndipo musangonditumizira tizithunzi ta manja opemphera, Loweruka si kutali.