Kiyi wa Makina Ndinamuponyera Ndekha

Anzanga, post iyi ndikulemba ndi dzanja lamanzere, ndiye mundipirire.

Tinakumana mu lab ya engineering, chaka changa chomaliza ku yunivesite. Ndinkapanga mkono wa roboti wosankha mabotolo pa lamba woyenda: kamera ione, kompyuta iganize, mkono utole botolo long'aluka n'kuliponya mu bini. Tsiku limenelo mkonowo unkangotola mphepo ngati woledzera.

"Mwauphunzitsa kuvina kapena ntchito?"

Kucheuka, ndi mnyamata wa masters. Aliyense ankamutchula Mawaya, poti m'thumba mwake simunkasowa tizingwe. Anakonza sensor, kachipangizo kouza mkonowo pamene pali botolo, mphindi zisanu zokha, ine mutu unazungulira pomwepo!

Miyezi itatu yoyamba inali yokoma. Tinkajambula mabotolo limodzi kuti kompyuta iphunzire, iye akundiseka kuti ndimakonda zitsulo kuposa anthu.

Mu lab muli lamulo: usanalowetse dzanja m'makina, zimitsa, kiyi uike m'thumba mwako. Mwako, osati mwa wina. Koma ine ndinkangomuponyera iye.

"Ndigwirireko, bae."

Zinthu zinatembenuka a Pulofesa atasankha project yanga kuti ipite ku chionetsero, yake ayi.

"Wawapatsa chiyani madala aja?" anandifunsa Mawaya.

"Code yabwino," ndinayankha moseka, kunena malangizo amene ndinalembera kompyuta.

Mbama! Khutu linalira tsiku lonse. Anapepesa misozi ili mbwembwembwe, ndinakhululuka. Sabata yotsatira anandikanyanga pakhosi, kundikanikizira kukhoma, chifukwa sindinayankhe foni. Ndinavala sikafu kunja kukutentha, n'kumanamiza anthu kuti ndi chimfine.

Lachinayi masana, kutatsala masiku awiri kuti chionetsero chichitike, botolo linasweka ndipo zidutswa zinakakamira pa lamba. Tinali awiri basi mu lab. Ndinazimitsa makina, ndipo mwachizolowezi ndinamuponyera kiyi, chonsecho m'mawa womwewo tinali titakangana.

"Ulembe dzina langa pa project imeneyi," anatero, ine dzanja lili m'kati.

"Iwe unangokonza sensor imodzi."

"Tabwereza."

"Sensor imodzi!"

Ndinamva kiyi akutembenuka...

Makina sadziwa mwini wake, anzanga. Kamera inaona chinthu chachilendo pa lamba, mkono unatsika n'kufinya. Mafupa anathyoka ngati nkhuni zouma. Magazi pa lamba, magazi pa mabotolo, ine kukuwa mpaka mawu kutha. Iye anangoima, kumandiyang'ana. Anazimitsa atamva a technician akuthamanga pakhonde.

Kuchipatala anandidula zala ziwiri.

M'mawa mwake a Pulofesa anabwera kudzandiona. Anapeza Mawaya atakhala pamutu pa bedi, atagwira dzanja langa labwinoli, mayi anga akumuthokoza.

"Bambo, Mulungu akudalitseni. Mukanapanda inu, mwanayu akanafa."

A Pulofesa anakoka mpando.

"Mwana wanga, undiuze zoona. Kiyi anali ndi ndani?"

Mawaya anafinya dzanja langa pansi pa bulangete, zikhadabo kulowa m'mnofu. Nkhope yake ikumwetulira.

"Anali pa makina... ndinaiwala kuzimitsa."

Wophwanya lamulo la chitetezo salowanso mu lab chaka chathunthu. Anandiimitsa. Project anaipereka kwa "amene ankaidziwa bwino." Chionetsero ndinachionera pa foni ndili pabedi: Mawaya atavala tayi, akufotokoza code yanga, anthu akumuombera m'manja. Kuchipatala sanapondekonso, ndipo nambala yanga anaipanga block.

Mabala anapola, ngakhale batani la bulauzi limandivutabe kumanga. Chimene chimandidya mumtima n'chakuti a Pulofesa anandifunsa bwinobwino, mayi anga ali pomwepo, ine n'kumuteteza Mawaya ndi pakamwa panga pomwe. Ndimadzida ndikakumbukira.

Mawa m'mawa ndikupita ku ofesi ya a Pulofesa, ndipo mayi ndawauza kuti andiperekeze. Kaya akandikhulupirira kaya ayi, ndatopa kumusungira chinsinsi munthu amene anaima n'kumaonerera ndikukuwa.