Amayi Otsuka Tikapu ta Mgonero

Ku tchalitchi kwathu kuli amayi ena amene anthu amangowatchula kuti Amatikapu. Ntchito yawo ndi kutsuka tikapu ta mgonero ndi kudula buledi. Asanakhudze thireyi amavula nsapato, amasamba m'manja kawiri. Madzi otsukira sawataya m'ngalande, amakawathira pansi pa mtengo atagwada. Koma iwowo papita zaka khumi ndi chimodzi osadya mgonero. Anakangana ndi mchimwene wawo, ndipo mchimweneyo anamwalira asanakhululukirane.

"Ophika osalawa!" amawaseka choncho azimayi a kwaya. Iwo amangopitiriza kutsuka.

Loweruka lina ndinapita kukawathandiza, mwana ali kumbuyo. Ine ndimakonda ntchito zosafuna kulankhula. Masiku amenewo alamu anga, achemwali a amuna anga, ankafalitsa zoti mwanayu si wa mchimwene wawo, ati makutu si akwawo. Ndinkadana nawo mpaka chakudya chinkandiwawa m'kamwa.

"Mukupukuta ngati mukupotokola khosi la nkhuku," anatero Amatikapu. "Mwasunga ndani mumtimamo?"

Ndinawauza zonse.

"Ndiye mawa mudya?"

"Ndikapanda kudya, mayi, anthu anena kuti nkhani ija ndi yoona. Paja wokana mgonero amati wachita chigololo."

Anakweza kakapu kamodzi m'mwamba.

"Mwananga, kakapu aka n'kakang'ono, koma munthu amamira momwemu. Wodya ali ndi chidani amadzidyera chiweruzo. Ine ndimachita mantha pongotsuka."

Lamulungu kunachita mitambo yakuda, mvula osagwa. M'tchalitchi munali zii. Alamu anakhala pa benchi ya kutsogolo kwanga, atapotoza khosi pang'ono kuti andione. Mkulu wa mpingo anafika ndi thireyi, tikapu tikugundana ngati mano a munthu wozizidwa. Dzanja langa linanyamuka. Ndinaona vinyo akugwedezeka, wofiira, ndipo ndinamva ngati wina wayima kumbuyo kwanga, wodziwa mawu onse amene ndinatukwanira alamu chamumtima. Ndinabweza dzanja, n'kulibisa m'nsalu yoberekera mwana.

Thireyi inadutsa. Alamu anatsokomola mokweza. Mayi wina anagunda mnzake ndi chigongono.

Potuluka palibe anandipatsa moni. Amatikapu okha anandikokera m'chipinda chotsukira, n'kutseka chitseko.

"Anthuwa akutafunani mwezi umodzi, kenako nsagwada zitopa," anatero akuvula nsapato. "Koma musatengere ine. Ine ndinkati ndipita mawa, ndipita mawa, mpaka mchimwene wanga anamwalira. Alamu anuwo mwawamva mmene atsokomolera? Kaya kunali kukunyozani, kaya n'chifuwa chenicheni, ine sichinandisangalatse."

Ndinafuna kutenga nsalu yopukutira, iwo anandilanda.

"Tikapu titha kudikira."

Ndinamangitsa mwana kumbuyo, ndinatuluka. Alamu anali atafika kale pokhota msewu. Ndinayamba kuwatsatira, ndisanadziwe mawu oyamba.