Mphindi khumi zimene sindiyankha moni

Loweruka likudzali, 2 koloko masana, ndikaonekera pamaso pa akuluakulu a mpingo wathu kuno ku Uliwa. Mlandu ndi umodzi: Lolemba m'mawa sindinayankhe moni. Ukandikhalira, ndichotsedwa pa kalasi ya ana ya Sande sukulu imene ndaphunzitsa zaka khumi ndi chimodzi.

Zinayamba chonchi. Masabata atatu apitawo ndinapita kuchipatala ndi mutu wosamva mankhwala, ndipo anapeza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri. Namwino anandipatsa mapiritsi, anandiletsa mchere wambiri, kenako anawonjezera china. Anati tsiku lililonse ndizipeza mphindi khumi, ndikhale pansi, nditseke maso, ndizimvetsera mpweya wanga ukulowa ndi kutuluka, n'kumawerenga mpaka khumi. Maganizo akathawa, ndiwabweze ku mpweyawo n'kuyambiranso.

Ndinaseka. Ndakhala ndikupuma zaka 52 popanda wondiphunzitsa.

Tsiku loyamba ndinalekezera pa katatu. Maganizo anga ali ngati kondakitala wa minibasi pa M1: saona munthu m'mbali mwa msewu n'kumusiya. Anakweza mtengo wa mpunga, anakweza mwana wanga wa ku Mzuzu amene sanaimbe foni, anakwezanso mawu amene mlamu wanga anandinena pamaliro ena kalekale. Thupi linali pakhonde, mwini wake ali konsekonse.

Sabata yachiwiri ndinayamba kumva zinthu zimene zakhala zilipo nthawi yonseyi. Magalimoto a katundu opita ku Songwe amasintha giya pamalo amodzimodzi. Mayi wa usipa wa ku Sangilo amaitana kawiri, kenako amakhosomola. Ndipo ine mwini ndimakukuta mano ngakhale palibe amene wandiputa. Zaka zonsezi sindinkadziwa.

Ndimakhala pakhonde chifukwa m'nyumba ya malata ku Karonga kuno thukuta limayamba dzuwa lisanatuluke. Lolemba lija, kutatsala mphindi 20 kuti ikwane 6 koloko, aNyaMhango, mnansi wanga, anadutsa ndi ndowa popita kumjigo.

"Mwawuka uli, amama?"

Ndinali pa kasanu ndi kawiri, malo amene ndinali ndisanafikepo. Ndipo inu mukudziwa kuti moni wakwathu si liwu limodzi. Pali thupi, pali ana, pali abambo, pali kutentha kwa usiku wathawu. Ndinasankha kukhala chete. Anabwereza katatu. Kenako ndinamva masilipasi akuchoka mofulumira, ndowa ikugunda mwendo.

Pofika masana nkhani inali itabala ana atatu. Ena anati ndayambana ndi amuna anga. Ena anati, m'Chitumbuka chathu, "wakughanaghana chomene", ndiye kuti ndikuganiza kwambiri, nthenda ija timaiopa tonse. Ena anati ndalowa zija za anthu otseka maso n'kumalankhula ndi zosaoneka kuti alemere. Yachitatuyi ndi imene inafika kumpingo. Nkhani yoipa imakwera njinga yamoto.

Madzulo ake ndinapita kukapepesa kwa aNyaMhango, chifukwa moni si chinthu chochepa ndipo sindikufuna kuti uthe.

"Ine ndimati mwafa chokhala," anatero.

"Ndiye munathawiranji osandigwedeza?"

"Ndigwire ndekha mtembo wa eni, mlandu ukhale wanga? Ndinapita kukaitana anthu."

Tinaseka mpaka misozi, koma anthu aja anali ataitanidwa kale.

Lachitatu kunabwera a Gondwe, mkulu wa mpingo, munthu waulemu amene anavula chipewa asanafike pakhonde.

"Amama, mukatseka maso muja mumapemphera kwa ndani?"

"Nthawi imeneyo sindipemphera, adada. Ndimapuma."

"Kupuma m'mawa? Mwagona usiku wonse, mwatopa ndi chiyani?"

"Ndikunena kupuma kwa mpweya."

"Ndiye enafe sitipuma?"

Anandiuza mwachikondi kuti ndingosiya, nkhani ithere pompo, Loweruka pasakhale chokambirana. Ana a kalasi yanga, anatero, makolo awo ayamba kufunsa.

Sindisiya.

Funso la a Gondwe ndi labwino kuposa mmene iwo akuganizira. Chichewa chili ndi liwu limodzi la zinthu ziwiri: kukoka mpweya ndi kupuma, kutula ntchito ndi kupumanso. Amene anaumba liwuli ankadziwa kuti ziwirizi n'zapachibale. Ife tazilekanitsa. Timakoka mpweya tsiku lonse, koma kupuma kwinako timakusungira tsiku limene m'busa adzanene kuti wapuma, mwini wake ali m'bokosi.

Taganizani, kwathu kuno munthu amaloledwa liti kukhala chete? Akadwala, akaferedwa, akakwiya. Kunja kwa zitatuzi, chete amafuna kufotokozedwa. Ndipo sizifanana kwa onse. Bambo akhoza kukhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira 10 koloko mpaka mthunzi utatembenuka, palibe amene angamuitanire akuluakulu. Mayi akakhala mphindi khumi manja ali opanda tsache, mpeni kapena mwana, anthu amayamba kufunsa chimene chalakwika.

Che Adamu, wa golosale amene anachokera ku Mangochi, atamva nkhaniyi anaseka mpaka kugwira sikelo.

"Mayi, ine ndimatseka sitolo kangapo patsiku, ndimayala mkeka n'kupemphera, palibe amene amandipatsa moni. Amadikira. Vuto lanu n'loti mulibe mkeka."

Akunena zoona. Chete amene ali ndi dzina timamulemekeza. Amene alibe dzina timamupatsa lathu, ndipo nthawi zambiri limakhala loipa.

Chimene chikundidabwitsa kwambiri ndi mlandu uja wa kuganiza kwambiri. Ndiwo matenda anga enieni, ndipo ndinali nawo nthawi yonse imene ndinkayankha moni aliyense mokweza, ndikuseka, ndikuthamangira kumsonkhano uwu ndi uwo. Palibe amene anada nkhawa. Tsiku limene ndayamba kuphunzira kuwasiya maganizowo kuti adutse, m'pamene mudzi waona kuti ndadwala. Ndi angati pakati pathu amene akufa ndi phokoso la m'mutu ife tikuwayamikira kuti ndi ochezeka?

Wina wandikumbutsa kuti chetechete sautsa nyama. Ndavomera. Koma m'mawa uja ine sindisaka nyama. Tsiku lili ndi mphindi 1,440. Ndapereka 1,430 kwa banja, mpingo, anansi, tulo ndi aliyense wodutsa ndi ndowa. Zotsalazo ndi zanga.

Sindikunena kuti ndachira. Mapiritsi ndikumwabe, ndipo amene angakuuzeni kuti kukhala chete kumalowa m'malo mwa mankhwala akukunamizani. Kupemphera sindinasiye, ndipo ndaona kuti masiku ano ndikamati "Atate wathu" ndimafika kumapeto ndisanapite kumsika m'maganizo. Ngati mukufuna kuyesa, sipafunika kugula kanthu. Khalani pansi, werengani mpweya wanu, mukasochera bwererani pa chimodzi osadzikalipira. Mudzasochera ndithu. Kubwererako ndiye ntchito yake. Koma phunzirani pa ine: yambani mwauza anansi.

ANyaMhango ndawauza. Tsopano amadutsa 6 koloko itatsala mphindi khumi, ndipo timapatsana moni wathunthu, mpaka kufunsana za mbuzi. Dzulo anafika msanga, anatula ndowa, anakhala pamasitepe. Akuti analekezera pa kawiri, kenako anakumbukira kuti sanatsegulire nkhuku.

A Gondwe akuti zokambirana za Loweruka zitenga ola limodzi. Ndikapemphako mphindi khumi zoyambirira. Ndikaika wotchi patebulo, ndikapempha akuluakulu onse kuti atseke maso, awerenge mpweya wawo mpaka khumi. Amene akafike osakumbukira munda, foni kapena chakudya chamadzulo, ameneyo akhale woyamba kundifunsa mafunso.

Kalasi ya ana ikhoza kupita. Ndikalira, chifukwa ndimawakonda. Koma chigamulo chilichonse chimene chituluke, Lamulungu m'mawa, kutatsala mphindi 20 kuti ikwane 6 koloko, ndidzakhala pakhonde maso ali otseka. Wofuna moni adikire.